Makadi 6 mwa 47: masamu omwe amalume anatiphunzitsa ndi nyemba ku Mpingwe

Chaka chomwe msuweni wanga anali Fomu 4, ndalama zake zolipirira mayeso a MSCE zinasowa. Sizinabedwe ayi. Anazidya yekha pang'onopang'ono, K500 lero, K1,000 mawa, akutuma mnzake wina wamkulu kukamudulira matikiti obetchera mpira ku Limbe. Nkhani itaululika, tonse pakhomo tinkadziwa kuti lero kulira chikoti.

Koma bambo ake, omwe ndi amalume anga, sanathyole mkwapulo. Iwowa anagwirako ntchito yogawa makadi m'kasino ina ku Joni kwa zaka zingapo, ndiye anthu oluza ndalama anawaona ambiri. Lamulungu masana, mvula ikuwaza ndipo phiri la Mpingwe litabisika m'nkhungu, anatiitana pakhonde ine ndi msuweni wangayo. Anabweretsa makadi akale, mbale ya pulasitiki ndi kapu yodzaza nyemba zouma.

"Iwe umati uli ndi tsoka, eti?" anamufunsa mwana wawoyo. "Khala pansi tiliwerenge tsokalo."

Zomwe tinaphunzira tsiku limenelo ndi mutu womwe uli m'masamu anu a kusekondale, wa probability, kapena tinene kuti kuwerengera mwayi. Sindikulemba izi kuti mukayambe njuga. Malamulo a dziko lino salola munthu wosakwana zaka 18 kutchova njuga kapena kubetcha, ndipo bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority ndi lomwe limayang'anira zimenezi. Ndikulemba chifukwa makadi 52 ndi labotale yotchipa kwambiri yomwe mungakhale nayo pakhomo.

Masewero ake amayenda chonchi

Masewero omwe amalume anatiphunzitsa ndi mtundu wa poker wotchedwa limit hold'em. Aliyense amalandira makadi awiri obisa. Kenako wogawa amaika makadi asanu poyera pakati, omwe ndi a aliyense: atatu oyamba nthawi imodzi, omwe amatchedwa flop, lachinayi lotchedwa turn, ndi lachisanu lotchedwa river. Pamapeto aliyense amasankha makadi asanu abwino mwa asanu ndi awiriwo. Wokhala ndi makadi awiri ofanana amaposa wopanda ofanana, wa mapeyala awiri amaposa wa peyala imodzi, wa atatu ofanana amaposa onsewa, ndipo pamwamba pake pali manja ena osowa. Khadi lalikulu kwambiri ndi A, kenako K, Q, J, 10, mpaka 2.

Kuponya nyemba m'mbale kumachitika kanayi: makadi a pakati asanatuluke, flop itatuluka, turn itatuluka, ndi river itatuluka. Ikafika nthawi yako ungathe kuponya, kuvomera zomwe mnzako waponya poikamo zofanana, kukweza, kapena kugonja n'kutaya makadi ako. Mawu oti limit akutanthauza kuti mlingo ndi woikika: kwa ife, nyemba imodzi pa maulendo awiri oyamba, nyemba ziwiri pa maulendo awiri omaliza. Sungaponye kapu yonse kuti uopseze anzako. Ndi chifukwa chake masewerowa amakoma powerengera, popeza mtengo wa chisankho chilichonse umadziwika.

Makadi okongola omwe sanagwire kanthu

Amalume sanagawe mwachisawawa. Anasankha A ndi K a mitundu yosiyana n'kumupatsa msuweni wanga. Pakati anaika 9, 6 ndi 2, nawonso a mitundu yosiyana.

"Uli ndi chiyani?"

"Ndili ndi makadi akuluakulu, bambo."

"Sindinafunse kukula kwake. Uli ndi chiyani?"

Anayang'anitsitsa n'kuvomera kuti alibe ngakhale peyala. Makadi ake onse awiri ndi aakulu kuposa lililonse la pakati, ndipo osewera amawatcha overcards, ife tizingoti makadi apamwamba. Amaoneka bwino m'manja, koma panthawiyi munthu wongogwira 2 mmodzi akumuposa.

Kodi izi zimachitika kangati? Tiyeni tiwerenge. Muli ndi A ndi K, ndiye makadi omwe simunawaone ndi 50. Mwa amenewa, ma A otsala ndi 3, ma K otsala ndi 3, ndipo ena onse ndi 44. Kuti flop ikuphonyeni, makadi onse atatu achokere mwa 44 aja: 44/50 × 43/49 × 42/48, zomwe zikutipatsa 0.676. Choncho pafupifupi kawiri pa maulendo atatu aliwonse, A ndi K wanu sagwira peyala pa flop. Si tsoka limenelo, ndi mmene makadi alili. Taonaninso kuti nambala ya pansi ikutsika, 50, 49, 48, chifukwa khadi lotuluka silibwereranso. Funso la mtundu uwu likabwera pa mayeso, ambiri amagwa pomwepa.

Kuwerenga makadi opulumutsa

Tsopano flop yatuluka. Makadi omwe mukuwaona ndi asanu, osaoneka ndi 47. Okupatsani peyala ndi 6 aja. Mwayi woti turn ikhale limodzi mwa iwo ndi 6/47, pafupifupi 13 pa 100. Kunena kwina, makadi 41 ndi okukanani, 6 ndi okuvomerani, ndiye pa kupeza kumodzi kulikonse mumaphonya pafupifupi kasanu ndi kawiri.

Msuweni wanga anatsutsa. "Koma bambo, makadi ena ali m'manja mwa anzanga. Bwanji mukuwawerengera m'gulu la 47?"

Funso labwino limeneli. Yankho lake ndi loti khadi lomwe simunalione, kaya lili m'manja mwa mnzanu kaya lili pansi pa mulu, kwa inu ndi losadziwika basi. A wotsalayo angakhale pamalo aliwonse mwa malo 47 aja mofanana. Probability imayeza zomwe inu mukudziwa. Mnzanu akakuonetsani makadi ake, nambala zimasintha pompo, ngakhale mulu sunakhudzidwe.

Nanga mukadikira makadi onse awiri, turn ndi river? Njira yachidule ndi kuwerenga mwayi wophonya kawiri konse: 41/47 × 40/46 = 0.759. Chotsani pa 1, mutsala ndi 0.241. Ndiye ngakhale mutapirira mpaka kumapeto, peyala imabwera kamodzi kokha pa maulendo anayi.

Mtengo wa tikiti ndi kukula kwa mbale

Apa ndi pomwe panagona phunziro. Kudziwa kuti mwayi ndi 13 pa 100 sikukuuzani chochita. Muyenera kufunsanso kuti: ndilipira zingati, ndipo ndikapambana nditenga zingati?

Amalume anayamba ndi anthu awiri. Aliyense waika nyemba 2 flop isanatuluke, ndiye m'mbale muli 4. Mnzanu waponya imodzi, zakwana 5. Kuti muone khadi lotsatira mulipire imodzi. Yerekezani kuti zimenezi zachitika ka 47, khadi lililonse n'kutuluka kamodzi. Ka 6 mupambana nyemba 5, zonse 30. Ka 41 mutaya nyemba imodzi, zonse 41. Mwatsala ndi ngongole ya nyemba 11. Ngati mukutsimikiza kuti mnzanuyo ali ndi peyala, kuvomera apa ndi kutaya nyemba.

Kenako anasintha. Anthu asanu, aliyense waika 2, m'mbale muli 10. Woyamba waponya imodzi, zakwana 11. Makadi anu ndi omwe aja, mwayi ndi womwe uja. Koma tsopano 6 × 11 = 66, kuchotsa 41, mwatsala ndi phindu la 25. Malire ali pa 41 ÷ 6 = 6.8, ndiye mbale iyenera kukhala ndi nyemba zosachepera 7 kuti kulipira imodzi kukhale kwanzeru.

Akatswiri a masamu amatcha kawerengedwe aka expected value: chulukitsani phindu lililonse ndi mwayi wake, chitaninso chimodzimodzi ndi zotayika, kenako phatikizani. Nzeru imeneyi inakula kuchokera m'makalata omwe Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat ankalemberana ku France mu 1654, pofuna kudziwa kagawidwe koyenera ka ndalama masewero a njuga akadukira panjira.

Pa turn zinthu zimauma kwambiri chifukwa mtengo umawirikiza. Bwererani kwa anthu awiri aja. Mwavomera, m'mbale muli 6, khadi lachinayi lakuphonyani. Mnzanu waponya 2, zakwana 8. Makadi osaoneka tsopano ndi 46. Kupambana: 6 × 8 = 48. Kutaya: 40 × 2 = 80. Ngongole yafika 32.

"Komatu ndaikamo kale nyemba zanga zitatu," anatero msuweni wanga. "Ndingozisiya?"

"Zako ziti? Nyemba ikalowa m'mbale ndi ya mbale. Madzi akatayika saoleka. Funso ndi la nyemba zomwe zikadali m'dzanja lako."

Ndinaona nkhope yake ikusintha, chifukwa ndi momwemo ndalama za mayeso zinathera. Ataluza K2,000 yoyamba, matikiti onse otsatira anali ofuna kubweza yotayikayo.

Si makadi 6 onse omwe ndi abwenzi

Mukadaima pa 66 kuchotsa 41 mukadaganiza kuti mbale ikakula basi muzivomera nthawi zonse. Koma taganizira mobisa kuti mukapeza peyala ndiye mwapambana, ndipo zimenezo si zoona.

Amalume anatembenuza makadi awo: A ndi 9. Ali kale ndi peyala ya 9. Kukabwera A, inu musangalala ndi peyala, pomwe iwo ali ndi mapeyala awiri. Okupulumutsani atsala ma K atatu okha mwa makadi 45 osaoneka, osakwana 7 pa 100. Choipa kwambiri n'choti A akabwera mudzaponya nyemba zambiri monyada, n'kuluza zochuluka kuposa mukadaphonya.

Kenako anatembenuza ena: 6 ndi 6. Pamodzi ndi 6 wa pakati, ali ndi atatu ofanana. Tinayesa makadi awiri aliwonse omwe angabwere, ndipo palibe omwe anapulumutsa A ndi K wathu. Mwayi unali ziro, koma wogwira makadiwo sakudziwa, akuwerengabe 6.

Choncho wosewera wanzeru amachotsera. Pakakhala anthu ambiri, mwayi woti wina ali ndi dzanja lotere umakula. Tiyerekeze kuti mwa 6 aja odalirika ndi 4: 4 × 11 = 44, kuchotsa 43, phindu ndi nyemba imodzi yokha. Akakhala 3: 33 kuchotsa 44, ngongole ya 11. Kusintha kochepa pa zomwe mwaganizira kwatembenuza yankho lonse. Mu sayansi zimachitikanso chomwechi, masamu akhoza kukhala olondola koma yankho n'kukhala lolakwika chifukwa cha zomwe munayambira.

Pali zinanso zitatu zomwe anatiuza kuti tiziyang'ana.

Choyamba ndi maonekedwe a makadi a pakati. 9, 6 ndi 2 ndi otalikirana. Koma pakakhala 9, 8 ndi 7, kapena awiri a mtundu umodzi, anzanu angathe kupanga makadi asanu otsatizana kapena asanu a mtundu umodzi, ndipo peyala yanu singalimbe. Pamenepo makadi apamwamba ndi ongotaya.

Chachiwiri ndi malo omwe mwakhala. Ngati pambuyo panu pali anthu atatu omwe sanayankhule, wina akhoza kukweza, tikiti ya nyemba imodzi n'kusanduka ya ziwiri. Womaliza kuyankhula amasankha ataona zomwe onse achita, ndipo onse akangodikira osaponya, iye amaona khadi lotsatira mwaulere.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa adani. Kumbukirani kuti flop imaphonya munthu wa makadi awiri osafanana pafupifupi kawiri pa katatu. Mukakhala ndi mdani mmodzi, kawirikawiri nayenso alibe kanthu, ndipo A wanu ndi amene akutsogola. Apo kuponya nyemba ndi inu kuyamba kumakhala bwino, chifukwa mungapambane m'njira ziwiri: iye kugonja, kapena inu kupeza peyala. Koma adani akakhala anayi, mwayi woti onse aphonya uli pafupi ndi 2/3 × 2/3 × 2/3 × 2/3 = 16/81, kamodzi pa kasanu. Kuwerengera uku ndi kongoyandikira, popeza makadi a wina amakhudza a mnzake, koma uthenga wake ndi womveka: pagulu, wina wagwira kanthu.

Kompyuta yomwe inaphunzira ponong'oneza bondo

Mwina mukuti awa ndi masamu a pakhonde chabe. Ayi ndithu. John von Neumann, mmodzi mwa akatswiri omwe nzeru zawo zili m'makompyuta a lero, anagwiritsa ntchito poker pofotokoza game theory m'buku lomwe analemba ndi Oskar Morgenstern mu 1944. Chomwe chinamukopa n'choti mu poker simuona zonse. Mu bawo kapena chess zonse zili poyera, wina aliyense akuona nkhomo kapena tizidutswa tonse. Moyo weniweni umafanana kwambiri ndi makadi, umasankha usakudziwa zomwe mnzako wagwira.

Mu Januwale 2015, gulu la Michael Bowling la pa University of Alberta ku Canada linalengeza m'magazini ya Science kuti pulogalamu yawo yotchedwa Cepheus yafika poti singagonjetsedwe pa limit hold'em ya anthu awiri, ngakhale munthu atasewera nayo moyo wake wonse. Masewerowa ali ndi malo osankhirapo oposa 300 thililiyoni. Palibe munthu anaiphunzitsa machenjera. Inasewera yokha ndi yokha kwa miyezi iwiri pa makompyuta ambirimbiri, ndipo pa chisankho chilichonse inkawerengera kuti ikadachita zina ikadapindula bwanji. Njira yomwe yainong'onezetsa bondo kwambiri poisiya, ulendo wotsatira inkaisankha kawirikawiri.

Chondisangalatsa n'choti Cepheus imaluzabe manja ambiri. Ikhoza kusankha bwino n'kugonja, chifukwa khadi la 13 pa 100 limabwera ndithu nthawi zina. Chisankho chabwino ndi zotsatira zabwino ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuti musiyanitse pamafunika maulendo ambiri, zomwe Jacob Bernoulli anatsimikiza m'buku lake lomwe linatuluka mu 1713: mukabwereza kambirimbiri, zochitika zimayandikira mwayi weniweni.

Nanga tikiti ya mpira ija?

Mvula itakata, amalume anauza mwana wawo kuti abweretse tikiti imodzi mwa zakale zija. Inali ya masewero 10.

Tiyeni tiipeputse. Yerekezani masewero omwe matimu awiri ndi ofanana mphamvu ndipo palibe kufanana zigoli, ngati kuponya kobiri m'mwamba. Mwayi ndi 1/2. Malipiro achilungamo akadakhala kuchulukitsa ndalama yanu ndi 2. Koma tiyerekeze kuti kampani yaika 1.90. Mukabetcha K100 kawiri, kamodzi mulandira K190, kamodzi mulandira ziro. Mwaika K200, mwabweza K190. Pa K100 iliyonse, K5 yatsala kwa iwo. Nambala zenizeni zimasiyana, koma kampani iliyonse yobetchetsa imasiya kampata kotere, chifukwa ndi komwe kumalipira lendi, antchito ndi phindu.

Tsopano phatikizani masewero 10 pa tikiti imodzi. Mwayi wolondola onse ndi 1/2 kuchulukitsa kakhumi, 1 pa 1,024. Malipiro ndi 1.90 kuchulukitsa kakhumi, pafupifupi 613. Pa K100, tikiti ikulonjeza K61,300, ndipo maso amathwanima. Koma achilungamo akadakhala K102,400. Kampata ka 5 pa 100 kakula kufika pafupifupi 40 pa 100. Mukamaonjezera matimu, mbale imaoneka yaikulu, koma mwayi umachepa msanga kuposa mmene mbale ikukulira.

"Komatu bambo, kangapo konse inangondiphera timu imodzi yokha."

Amalume anaseka. Njira yolondola masewero onse 10 ndi imodzi yokha. Njira zolakwitsa amodzi okha ndi 10, chifukwa olakwikawo angakhale oyamba, achiwiri, mpaka achikhumi. Choncho kuphonya ndi timu imodzi kumachitika kakhumi kuposa kupambana. Sichizindikiro choti mwayandikira. Tikiti ya mawa imayambanso pa 1 pa 1,024, siikumbukira za dzulo.

Kusiyana kwake ndi A ndi K uja ndi kumeneku. Pa makadi, nthawi zina mbale imakula mokwanira kuti kulipira kukhale kwanzeru. Pa tikiti, wokonza mtengo ndi mwini mbale, ndipo anawerengera kale inu musanafike.

Yesani nokha

Tengani makadi 52, chotsani A, K, 9, 6 ndi 2. Sakanizani 47 otsalawo, tulutsani limodzi, lembani ngati ndi A kapena K, libwezeni, sakanizaninso. Chitani ka 100. Ife tinapeza 16 pa ulendo woyamba ndi 11 pa wachiwiri. Mukaphatikiza zotsatira za kalasi yonse, muona zikuyandikira 13 pa 100.

Kenako yesani funso ili. Muli ndi K ndi Q, pakati pali J, 10 ndi 3. Kupatula ma K ndi ma Q otsala, A aliyense kapena 9 aliyense akupatsani makadi asanu otsatizana. Opulumutsa ndi angati? Mwayi pa turn ndi wotani? Mbale ikhale ndi nyemba zingati kuti mulipire imodzi? Mukapeza 14, pafupifupi 30 pa 100, ndi nyemba 3, mwalondola. Ndiye dzifunseni kuti mwa 14 amenewo, ndi ati omwe simungawadalire kwenikweni.

Mafunso atatu omwewa, mwayi ndi wotani, mtengo ndi wotani, phindu ndi lotani, amagwira ntchito kutali ndi makadi. Azanyengo akanena kuti mwayi wa mvula ndi wochepa, amayi amaanulabe ufa asanapite kumsika, chifukwa kuanula ndi ntchito ya mphindi zochepa pomwe ufa wonyowa ndi chakudya cha mwezi chotayika. Sanalembe fomyula, koma awerengera.

Ndalama za mayeso amalume anazipezanso pogulitsa wailesi yawo yaikulu yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo msuweni wanga anaibweza ndi maganyu a pa holide. Mayeso analemba. Atatuluka m'pepala la masamu ndinamufunsa ngati funso la probability linabwera. Anati linabwera, la mipira yamitundu m'thumba, yotulutsa osabwezera.

"Ndiye unatani?"

"Ndinatsitsa nambala ya pansi, achimwene."